Masamba a kari ndi masala: kaphikidwe ka m'makomo a ku India

Mukalowa m'nyumba ya banja la ku Chennai kapena ku Kochi nthawi yokonza nkhomaliro, choyamba kukulonjerani ndi phokoso. Mumva tinthu tikuthetheka m'kapoto ngati mbuliwuli, kenako tchweee, ndiye fungo n'kuti guu nyumba yonse mpaka kumsewu. Zonsezi zimachitika mphindi imodzi isanakwane. Zothethekazo ndi nthanga za mpiru, ndipo tchweee uja ndi masamba a kari akugwera m'mafuta otentha.

Ambiri aife tinazolowera kale (curry) wa m'paketi, ufa wachikasu uja timawaza m'nkhuku kapena m'nyemba, ndipo timayesa kuti ndiwo Amwenye amaphikira kwawo. Ufa umenewu anautchukitsa ndi Angelezi amene ankabwerera kwawo kuchokera ku India atazolowera zakudya za kumeneko, moti pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 unali ukugulitsidwa m'masitolo a ku London. Mayi wa ku India sathira ufa umodzimodzi m'ndiwo zonse. Ali ndi zonunkhiritsa zingapo, zina zosasinja, zina zosinja, ndipo chilichonse chili ndi nthawi yake yolowera m'poto. Luso lonse lagona pamenepo: chiyambe kulowa ndi chiti, pa moto wotani, kwa nthawi yaitali bwanji. Mukhoza kugula zonunkhiritsa za ndalama zambiri, koma mukasokoneza ndondomekoyi mudzangodya ndiwo zowawa.

Ndalemba kuti masamba a kari osati masamba a kale, kuopa kuti wina angaganize kuti ndikunena mfutso wa chaka chatha. Mawu akuti kari ndi a Chitamil, chilankhulo cha kummwera kwa India, ndipo ndi kumene kunachokera dzina la kale wathu uja. M'sitolo masambawa amawalemba kuti curry leaves.

Choyamba, dziwani tsamba lenilenilo

Mtengo wake akatswiri a zomera amautcha Murraya koenigii, pokumbukira Johann Gerhard König amene ankafufuza zomera kummwera kwa India m'zaka za m'ma 1700. Ndi wa banja limodzi ndi mandimu ndi malalanje, n'chifukwa chake mukafikisa tsamba lake m'manja mumamva kafungo ka ndimu patali. Umakula mamita 4 mpaka 6. Kamphanda kamodzi kamakhala ndi timasamba 11 mpaka 21, tobiriwira kwambiri, tonyezimira.

Mayina ake ndi ambiri, ndipo ndi bwino kudziwako awiri kapena atatu kuti wogulitsa akumveni. Achihindi amati kadi patta, Achitamil amati karuveppilai, ku Kerala amati kariveppila, ku Sri Lanka amati karapincha. Amwenye ambiri a ku Limbe, Lilongwe ndi Lusaka makolo awo anachokera ku Gujarat, ndipo iwo amati mitho limdo, kutanthauza nimu wozuna. Dzina limeneli likuchenjezeni. Masamba a kari amafanana ndithu ndi a nimu, mtengo uja wadzaza ku Chikwawa ndi ku Nsanje, koma a nimu ali ndi mano ngati sowo m'mbali mwake ndipo amawawa koopsa. Musathyole tsamba musanalifikise ndi kulinunkhiza.

Gulani aawisi. Ouma a m'paketi amakhala atataya fungo pafupifupi lonse, ndipo ine ndimawaona ngati kuthira udzu m'ndiwo. Ngati muli ku Durban kapena ku Fordsburg mu Johannesburg, ku Leicester kapena ku Southall, muwapeza m'masitolo a ndiwo zamasamba a Amwenye. Kwathu kuno njira yachidule n'kufunsa banja lachimwenye limene mumadziwana nalo, chifukwa ambiri amakhala ndi mtengowu kuseri kwa nyumba.

Chachiwiri, sonkhanitsani zochepa zokha

M'khitchini ya ku India mumakhala chitini chozungulira chachitsulo chotchedwa masala dabba, chokhala ndi timakapu 7 mkati. Chimakhala pafupi ndi wophika, kuti akangovundukula apeze zonse pamodzi. Chifukwa chake muchiona posachedwa: mafuta akatentha palibe nthawi yofunafuna botolo m'kabati.

Poyambira mukhale ndi izi. Nthanga za mpiru zakuda kapena zofiirira, zimene amati rai. Jira, timbewu tating'ono tataliko tofiirira, amene ena amalemba kuti jeera. Dhania wouma, amene ndi timbewu tozungulira topepuka. Methi, timbewu tolimba tachikasu towawa. Chikasu chosinja. Tsabola wofiira wouma. Tsabola wakuda wosasinja. Mukapeza hing muonjezere, ndipo kabotolo kamodzi kadzakukwanirani chaka chathunthu. Hing ndi utomoni wochokera ku mizu ya chomera cha ku Afghanistan ndi Iran, umene amausakaniza ndi ufa wa tirigu kapena wa mpunga. Ukakhala m'botolo umanunkha moti mungautaye, koma ukagwera m'mafuta fungo limasanduka ngati la anyezi ndi adyo wokazinga. Anthu a chipembedzo cha Jain ndi Ahindu ena amene sadya anyezi ndi adyo amadalira hing yemweyu.

Za mpiru ndinenepo pang'ono. Mpiru umene timadya masamba ake ndi mtundu womwewo umene ku India amatengako nthanga zofiirira, ndiye ngati muli nawo kudimba, siyani mitengo ingapo ichite maluwa, mukolole nthanga zikauma. Koma mbewu ya m'paketi yogula kusitolo ya zaulimi musayerekeze kuiphika, kawirikawiri imakhala yothira mankhwala.

Chachitatu, phunzirani tadka

Apa ndi pamene ndikhalitsepo, chifukwa mukadziwa ichi mwadziwa theka la kaphikidwe konse. Tadka ndi kukazinga zonunkhiritsa zosasinja m'mafuta otentha kwa kanthawi kochepa, kenako n'kukhuthulira mafutawo m'ndiwo, kapena kuyambira pomwepo kuphika. Chigawo chilichonse cha India chili ndi dzina lake: chhaunk kumpoto, vaghar ku Gujarat, thalippu ku Tamil Nadu, oggarane ku Karnataka, phoron ku Bengal. Chifukwa chochitira zimenezi n'chakuti fungo la timbewu timeneti limasungunuka m'mafuta, m'madzi silituluka bwino. Mukaponya masamba a kari m'msuzi wowira adzangoyandama, fungo lake n'kukhala lozizira. Masamba omwewo akayamba akhudza mafuta otentha, ndiwo zonse zimasintha.

Musanayatse moto, konzani zonse pambale. Pululani masamba 12 kapena 15 pa kamphanda kake, muwatsuke, muwapukute mpaka aume. Thyolani pakati tsabola wouma muwiri. Yezani supuni yaing'ono imodzi ya mpiru ndi ina ya jira. Chivundikiro chikhale pafupi ndi dzanja lamanzere.

Tengani kapoto kakang'ono kozama, osati chiwaya chachikulu, kuti mafuta asonkhane pamodzi timbewu timire. Thirani masupuni aakulu awiri a mafuta. Ku Kerala amakonda mafuta a kokonati, ku Tamil Nadu a chitowe, ku Gujarat a mtedza, kumpoto ghee, amene ndi batala wosungunula n'kuchotsa zoyera zake. Mafuta athu a mpendadzuwa akugwira ntchito bwinobwino.

Mafuta akatentha ponyanimo nthanga imodzi ya mpiru. Ikangokhala duu pansi, dikirani. Ikayamba kuvina n'kuphulika, thirani zonse, muvundikire mosiya kampata. Zimathetheka kwa masekondi 20 kapena 30. Musathamangire kuthira china zisanaphulike, poti mpiru wosaphulika umawawa ndipo umalimba m'mano. Phokoso likayamba kuchepa, chepetsani moto, thirani jira. Iyeyu sachedwa, masekondi 10 okha wasanduka wofiirira. Ngati mukufuna methi, timbewu 5 kapena 6 tokha ndi tokwanira, ndipo tilowe pamodzi ndi jira. Kenako tsabola wouma, kenako hing wongotsina ndi zala ziwiri, ndipo pomaliza penipeni masamba a kari.

Masambawo ali ndi madzi mkati, ndiye akagwera m'mafuta amalalata ndi kuthovula mafuta. Ponyani mutatalikitsa nkhope, dzanja lina litagwira chivundikiro ngati chishango. Pakatha masekondi 10 kapena 15 amakhala atachita khirichi, akadali obiriwira koma owala ngati galasi. Pamenepo tulani. Musadikire kuti ade.

Ophikira pa mbaula, inu mulibe kabatani kochepetsera moto, ndiye dzanja lanu ndilo kabataniko. Mpiru ukangotha kuthetheka, nyamulani kapotoko pamoto, muthire zotsalazo muli nako m'manja. Kutentha kwa mafuta kumakwanira kumaliza ntchito. Ine ndinaphunzira izi nditawononga nandolo wa anthu asanu ndi mmodzi: ndinasiya methi pa makala amoto ndikufunafuna tsabola, n'kukhuthulira mafuta akudawo m'poto ndikuganiza kuti msuzi ubisa. Sunabise. Alendo anadya mwaulemu, koma madzi anamwa ambiri. Tadka ikapserera itayeni, mutsuke kapoto, muyambirenso. Mwataya masupuni awiri a mafuta basi, ndiwo zikadali bwino.

Chachinayi, yeserani pa chipere cha nandolo

Ndiwo imene anthu a ku India amadya pafupifupi tsiku lililonse ndi dal, ndipo dal wotchuka kummwera ndi kumadzulo ndi wa toor. Toor ameneyu ndi nandolo wathu yemweyu wochotsa makoko n'kuswa pakati. Nandolo wambiri amene alimi a ku Mulanje, Zomba, Machinga ndi Chiradzulu amagulitsa kwa mavenda amakathera m'mapoto a ku Mumbai ndi ku Chennai. Kaphikidwe kake sikasiyana kwenikweni ndi chipere chimene agogo athu amaphika, kusiyana kwake ndi mafuta onunkhira aja othira pamwamba.

Tengani kapu imodzi ya nandolo wochotsa makoko. Ngati muli ndi wosachotsa, mukazingeni pang'ono, mumuswe pamphero, mupete ndi lichero monga mwa nthawi zonse. Tsukani katatu, muviike kwa ola limodzi. Ikani pamoto ndi makapu atatu a madzi ndi theka la supuni yaing'ono ya chikasu. Thovu likabwera pamwamba liwoleni. Pakatha mphindi 40 kapena 50 amakhala ataphwetseka, ndipo mukhoza kumupekesa ndi mthiko. Onjezerani tomato mmodzi woduladula ndi mchere, ziwire mphindi zina 10. Akhale wamadzimadzi ngati phala la mwana, osati wolimba.

Tsopano pangani tadka monga tafotokozera. Ngati mumakonda adyo, dulani timagawo titatu mopyapyala, tilowe pambuyo pa jira, tifiire pang'ono masamba asanalowe. Khuthulirani zonse m'chipere, ndipo nthawi yomweyo vundikirani poto kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti fungo lisathawe. Finyiranimo ndimu popakula. Kwawoko amadyera mpunga kapena chapati. Ine ndadyerapo nsima, ndipo sindinaone cholakwika.

Funso limene ana amafunsa ndi lakuti, tsambali tidye kapena titaye? Ambiri ku India amalikankhira m'mphepete mwa mbale, moti ku Kerala ndi ku Tamil Nadu munthu amene anzake amudyera masuku pamutu n'kumutaya amamufanizira ndi tsamba la kari. Komatu limadyedwa, ndipo likakhala lokazingika bwino limakoma. Mukafuna kuti pasapezeke wolitaya, liduleni tizidutswa musanakazinge.

Mukazolowera chipere, tadka yomweyi mukhoza kuithira pa zinthu zina. Mpunga wotsala dzulo: onjezerani mtedza wodzaza dzanja m'mafuta mpiru usanalowe, chikasu pang'ono pomaliza, musakanize ndi mpungawo, mufinyiremo ndimu yathunthu. Ku Karnataka chakudya chimenechi amati chitranna, ndipo ndi kamba wa paulendo. Kabichi woduladula mopyapyala, mbatatesi yowiritsa, ngakhale mpunga wosakaniza ndi chambiko ndi mchere, umene Atamil amatsirizira nawo chakudya nthawi yotentha, zonsezi zimalandira tadka.

Chachisanu, kazingani ndi kusinja masala anu

Masala ndi zonunkhiritsa zosakaniza, ndipo banja lililonse lili ndi muyeso wake umene mwana wamkazi amatengera kwa mayi ake. Palibe muyeso umodzi wolondola. Umene ndikupatseni ndi wa masala a sambar, msuzi wa nandolo, bwemba ndi ndiwo zamasamba umene kummwera kwa India amadya m'mawa, masana ngakhale madzulo.

Yezani theka la kapu ya dhania, masupuni aakulu awiri a tchana woswa, awiri a nandolo woswa, supuni yaing'ono imodzi ya methi, imodzi ya tsabola wakuda, ziwiri za jira, masamba a kari odzaza dzanja, ndi tsabola wofiira wouma. Nkhani ya tsabolayi muisamale. Amayi a kumeneko amathira 10 kapena 12, koma amasankha mtundu. Wa Byadgi wa ku Karnataka ndi wa Kashmiri amafiiritsa ndiwo osawawa kwambiri, pamene wa ku Guntur ku Andhra Pradesh ndi moto. Tsabola wathu wamng'ono uja ndi wa gulu la motolo, ndiye thirani atatu kapena anayi okha, ndipo kuti ufa ufiire muonjezere supuni yaikulu ya paprika mukatha kusinja. Chodabwitsa n'chakuti tsabola wofiira si wa ku India n'komwe. Anachokera ku America, n'kufika ndi Apwitikizi Vasco da Gama atakocheza ku Calicut mu 1498. Kale lonselo ankawawitsa ndiwo ndi tsabola wakuda, amene kwawo ndi ku Kerala konko.

Kazingani m'chiwaya chouma, chopanda mafuta, pa moto wochepa, ndipo chilichonse pachokha. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kukhuthulira zonse pamodzi kuti ntchito ithe, koma timbewu timeneti sitipsa nthawi imodzi. Tchana ndi nandolo amafuna mphindi 4 kapena 5 kuti afiire, dhania mphindi 3, jira ndi tsabola wakuda mphindi imodzi, methi osakwana ndi mphindi yomwe. Mukaziphatikiza, methi adzakhala atada nandolo akadali muwisi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Takasani osalekeza, ndipo mphuno ikuuzeni: fungo likangokwera, khuthulirani pambale. Musasiye m'chiwaya chotentha ngakhale mwachitula pamoto, chimapitiriza kuwotcha. Tsabola wouma mukazingire pabwalo kapena mutatsegula mazenera, apo ayi nyumba yonse ikhosomola. Masamba a kari akhale omaliza, mpaka aziphwanyika mukawafinya.

Dikirani zizizire kotheratu. Mukasinja zikadali zotentha zimatuluka thukuta, ufa n'kumangana, ndipo sukhalitsa. Sinjani mu kamtondo kouma, kosanunkha nsinjiro kapena usipa, muyambe ndi zolimba: tchana, nandolo ndi methi. Sefani, zotsala pa sefa mubwezere mumtondo. Amene muli ndi kamakina kopera khofi ntchito yanu ndi ya mphindi ziwiri, koma mudziwe kuti khofi wanu adzanunkha jira kwa mwezi. Pomaliza sakanizanimo supuni yaing'ono ya chikasu, chimene sichikazingidwa.

Kuphika sambar weniweniyo n'kosavuta. Phikani theka la kapu ya nandolo monga chipere chija. Viikani bwemba wokula ngati ndimu yaing'ono m'kapu ya madzi ofunda kwa mphindi 15, mufinye, mutaye nthanga ndi luzi lake. M'madzi a bwembawo wiritsani ndiwo zimene muli nazo: anyezi, tomato, maungu, mabilinganya, therere lobala, kaloti. Amene muli ndi mtengo wa cham'mwamba pakhomo, zitheba zake zanthete ndi zimene anthu a kumeneko amazikonda koposa mu sambar, mudule zidutswa zotalika ngati chala. Thirani masupuni aakulu awiri a masala anu ndi mchere, ziwire mpaka ndiwo zifewe komanso fungo la bwemba wosapsa lithe. Khuthuliranimo nandolo, ziwire limodzi mphindi 5, kenako tadka ya mpiru, tsabola, hing ndi masamba a kari pamwamba. Mudzaona kuti msuzi wagwirana bwino. Imeneyo ndi ntchito ya tchana ndi nandolo wokazinga uja munasinjira m'masala.

Chachisanu ndi chimodzi, masala a zigawo zina

Garam masala ndi a kumpoto, ku Punjab, Delhi ndi Uttar Pradesh, ndipo mulibe masamba a kari ngakhale chikasu. Garam ndi kutentha, koma si kutentha kwa tsabola, ndi kuja amakhulupirira kuti zonunkhiritsa zina zimafunditsa thupi. Kazingani pang'ono chabe masupuni aakulu awiri a dhania, imodzi ya jira, imodzi ya tsabola wakuda, timakoko 12 ta elaichi (cardamom) wobiriwira, supuni yaing'ono ya ma clove amene Amwenye amati laung, ndi khungwa la sinamoni lotalika masentimita 5. Sinjani, museferemo kachidutswa ka nutmeg. Amenewa amalowa kumapeto, theka la supuni yaing'ono pa poto yense, moto utatsala pang'ono kuzimitsidwa. Mukawathira koyambirira fungo limathawa ndi nthunzi, mukachulutsa ndiwo zimamveka ngati mankhwala a dzino.

A ku Gujarat amadalira dhana jeera, magawo awiri a dhania ndi limodzi la jira, okazinga n'kusinja. Ndi ofatsa, mukhoza kuthira supuni yathunthu mu ndiwo zamasamba zilizonse. Ku Bengal kuli panch phoron, mbewu zisanu zoyezedwa mofanana ndipo sizisinjidwa: jira, mpiru, methi, kalonji (timbewu takuda ta nigella) ndi saunf (timbewu ta fennel). Zimangoponyedwa m'mafuta zonse pamodzi.

Chachisanu ndi chiwiri, ndondomeko yake pophika nkhuku

Pa nyama tadka imabwera koyamba. Ya nkhuku ya kilogalamu imodzi, tenthetsani masupuni aakulu atatu a mafuta, mulowetse mpiru kapena jira, kenako masamba a kari, kenako anyezi awiri akuluakulu odula mopyapyala. Anyezi ameneyu musamuthamangitse. Amafuna mphindi 12 mpaka 15 kuti afiire bwino, ndipo kukoma kwa msuzi kumachokera kwa iyeyu. Thirani adyo ndi jinja wosinja pamodzi, supuni yaikulu imodzi, mutakase mphindi imodzi.

Tsopano chepetsani moto, muthire zaufa: theka la supuni yaing'ono ya chikasu, masupuni aang'ono atatu a dhana jeera, ndi tsabola wosinja monga mmene mungapiririre. Ufa umapserera msanga kuposa timbewu, ndiye pakangotha masekondi 30 thirani tomato awiri oduladula, kapena madzi pang'ono ngati zikumatirira. Takasani mpaka tomato asungunuke, mafuta n'kuyamba kuoneka m'mbali mwa poto atapatukana ndi zinazo. Chizindikiro chimenechi wophika aliyense wa ku India amachidikira, ndipo akachiona amadziwa kuti masala apsa. Mukathira nyama ndi madzi chisanaoneke, msuzi umamveka ufa wosapsa pakhosi. Ngakhale kale wa m'paketi uja amakoma kwambiri mukamuchitira chimodzimodzi, m'malo momuwaza m'msuzi wowira kale.

Ikani nkhuku ndi mchere, muitembenuze mpaka iyere, thirani kapu ya madzi otentha, vundikirani. Ya chizungu imapsa mphindi 25 kapena 30, ya chikuda mukudziwa nokha kuti imafuna ola ndi kupitirira, ndi madzi oonjezera. Potula thirani garam masala ndi masamba ena 5 kapena 6 a kari ofikisa m'manja.

Chomaliza, kusunga ndi kubzala

Timbewu tosasinja timakhala chaka osataya mphamvu, koma ufa umayamba kuzilala pakatha miyezi iwiri kapena itatu. N'chifukwa chake miyeso ndakupatsaniyi ndi yaing'ono. Sungani m'mabotolo agalasi otseka bwino, kutali ndi dzuwa ndi nthunzi, ndipo supuni yonyowa isalowemo. Nyengo ya dzinja muziyang'anamo kawirikawiri, poti dhania amagwidwa anankafumbwe ndipo tsabola wouma amachita nkhungu. Chikasu chimadetsa zovala ndi zotengera zapulasitiki, koma banga lake limafwifwa mukachapa ndi sopo n'kuyanika padzuwa.

Masamba aawisi muwapukute, muwakulunge m'pepala louma, muike m'kontena yotseka mufiriji. Amakhala pafupifupi milungu iwiri. Mu chipinda choundanitsa amakhala miyezi, ndipo mumangowatenga n'kuponya m'mafuta osadikira kuti asungunuke. Opanda firiji, yanikani pamthunzi, osati padzuwa, ndipo pophika muzithira owirikiza kawiri.

Njira yokhalitsa ndi kukhala ndi mtengo wanu. Umaphukira ana kuchokera ku mizu, ndiye pemphani kamodzi nthawi ya mvula, mukumbe ndi dothi lake. Kapena tengani tizipatso takupsa, takuda, muchotse mnofu, mubzale nthanga tsiku lomwelo, chifukwa zikauma sizimera. Nthangazo si zodya. Umafuna dzuwa ndi dothi losasunga madzi, ndipo umakula mwaulesi zaka ziwiri zoyamba, choncho musauthyole masamba ukadali waung'ono. Ukafika m'chiuno tsinani kunsonga kuti uchite nthambi. Pokolola dulani kamphanda konse, musamapulule timasamba n'kusiya ndodo. Chisanu sugwirizana nacho: kumalo ozizira ngati ku Dedza kapena ku Johannesburg umayoyola masamba mu June ndi July, koma musauzule, umaphukanso kukafunda. Ku Britain umafuna kukhala mumphika m'nyumba pafupi ndi zenera. Popeza ndi m'bale wa malalanje, tizirombo ta malalanje timaukondanso, ndiye muziyang'ana kunsi kwa masamba.

Mtengo ukakula mudzakhala ndi masamba ochuluka kuposa amene tadka ingamalize, makamaka mukaudulira. Atamil amawasandutsa ufa wodyera mpunga umene amati karuveppilai podi. Kazingani makapu awiri a masamba mpaka achite khirichi. Paokha kazingani masupuni aakulu awiri a urad, amene ndi mphodza yakuda yochotsa makoko, supuni imodzi ya tchana woswa, tsabola wouma muwiri, supuni yaing'ono ya tsabola wakuda, ndi kachidutswa ka bwemba kouma. Urad akasowa, mphodza yathu yobiriwira yoswa ikhoza kulowa m'malo. Zikazizira sinjani zonse ndi mchere ndi hing pang'ono, koma ufa usasalale kwambiri, uzimveka m'mano. Pakulani mpunga wotentha, wazani supuni imodzi ya ufawo, dontheziranipo mafuta a chitowe kapena ghee, musakanize ndi zala. M'botolo lotseka bwino ufawu umakhala mwezi wathunthu.